Mudzi wopanda nyakwawa: mbiri ndi ulamuliro wa Easington Colliery

Kumpoto chakum'mawa kwa England, m'chigawo cha County Durham, kuli midzi iwiri yogundizana ya dzina limodzi. Wina uli pamtunda, wina uli kumunsi moyang'ana nyanja ya North Sea, ndipo pali msewu umodzi, Seaside Lane, umene umatsetsereka kuchoka ku wina kukafika ku unzake. Wapamtundawo ndi Easington Village, mudzi wa makedzana, wa alimi, wokhala ndi bwalo la udzu pakati ndi tchalitchi chamiyala cha St Mary chimene nsanja yake imaonekera kutali. Dzina la mudziwu likupezeka kale m'kaundula wa chuma cha bishopu wa Durham wotchedwa Boldon Book, wa m'chaka cha 1183. Wakumunsiwo ndi Easington Colliery. Mawu oti colliery amatanthauza mgodi wa malasha pamodzi ndi zonse zomangidwa pamwamba pake. Choncho mudziwo dzina lake lenileni ndi mgodi, ndipo mgodiwo unatsekedwa mu 1993.

Ine chimene chimandikoka pa mudzi umenewu ndi funso la mwini. Kwathu ukafika pamudzi wachilendo umafunsa kwa amfumu, ndipo mwana aliyense akulozera. Ku England kulibe nyakwawa, kulibe gulupu, kulibe mfumu yandodo. Nanga mudzi wa anthu masauzande, umene unamera pathengo m'zaka zosakwana makumi awiri, ankauyendetsa ndani? Pamapepala yankho ndi makhonsolo. Koma mukatsata mbiri yake bwinobwino muona kuti kwa zaka pafupifupi 80 mphamvu zenizeni zinali m'manja mwa mgodi ndi bungwe la anthu okumba malasha, ndipo khonsolo inali yachitatu. Awiri oyambawo atachoka, yotsalayo inapezeka itasenza katundu amene sinapangidwire.

Mgodi unayamba, mudzi unatsatira

Malasha ku County Durham anayamba kukumbidwa kalekale chakumadzulo, kumene ali pafupi ndi nthaka ya pamwamba. Chakunyanja kuno malashawo alipo ambiri, koma ali pansi kwambiri, ataphimbidwa ndi thanthwe lochindikala la miyala ya laimu, ndipo kunsi kwa thanthwelo kuli mchenga wodzaza madzi. Ndiye chifukwa chake migodi ya m'mphepete mwa nyanja, monga Easington, Horden, Blackhall ndi Dawdon, inabwera mochedwa. Ku Easington khasu loyamba linalowa m'nthaka mu 1899, koma malasha oyamba anatuluka mu 1910. Zaka khumi ndi chimodzi zonsezo anthu ankalimbana ndi madzi. Akakumba pang'ono, dzenje ladzala. Mpaka anaitana akatswiri a ku Germany amene ankadziwa njira youmitsa nthaka ndi chisanu: ankaboola timaenje kuzungulira dzenje lalikulu, n'kupopera madzi amchere ozizira kwambiri m'mapaipi, mchenga wonyowa uja n'kuuma gwa ngati mwala, kenako n'kukumba.

Malasha atangoyamba kutuluka, anthu anakhamukira kumeneko kuchokera m'midzi ina ya Durham imene migodi yake inali kutha, ndi kumadera ena a Britain. Onsewo ankafuna pogona, ndipo amene anamanga pogonapo ndi kampani ya mgodi. Inamanga nyumba za njerwa zogundizana khoma ndi khoma, mizere mizere, pafupi ndi geti la mgodi kuti munthu asachedwe ku shifiti. Mayina a misewu anawapereka motsata alifabeti: dera lina misewu yonse imayamba ndi A, lina ndi B, lina ndi C, moti mpaka lero anthu a kumeneko akamalozerana amangoti ku ma A kapena ku ma B. Amene makolo awo anakhalapo m'makomboni a ku Hwange kapena ku Joni amvetsa msanga mtundu wa mudzi umenewu. Kusiyana kwake n'koti ku Easington mwamuna ankakhala ndi mkazi wake ndi ana ake pakhomo, ndipo mwana wamwamuna akakula ankalowa m'dzenje lomwe bambo ake analowa.

Nyumba ndiyo inali ndodo ya ufumu

Ku Durham kunali mwambo woti munthu wapabanja wogwira ntchito mumgodi azipatsidwa nyumba yosalipira lendi, ndi malasha ootha ndi ophikira. Pomva zikukoma. Koma nyumbayo inali yomangirira ku ntchito. Ukachotsedwa ntchito, denga lapitanso. M'zaka za m'ma 1800 eni migodi a m'chigawochi ankatulutsira katundu wa mabanja panja pa nthawi ya sitalaka, ndipo nkhani zimenezo sizinaiwalike ngakhale mgodi wa Easington unabwera pambuyo pake. Choncho manijala wa mgodi sanali bwana wa pantchito pokha. Ndiye ankadziwa amene alandire nyumba ndi amene adikire, ndiye ankalemba ntchito mwana wako, ndipo nyumba yake ndi za akapitawo ake zinali zazikulupo, zoima padera. Ngati mukufunafuna munthu wofanana ndi mfumu m'mudzi umenewu m'zaka zoyambirira, ndi ameneyo, kungoti sanasankhidwe ndi mbumba ndipo sankayankha kwa wina aliyense wa m'mudzimo. Ankayankha kwa eni masheya.

Ngakhale malasha enieniwo anali ndi eni ake ena. Kufikira lamulo la 1938, malasha a pansi pa munda anali a mwini munda, ndipo kampani inkamulipira pa tani iliyonse yotuluka. Ku Durham mmodzi mwa olandira ndalama zimenezi kwambiri unali mpingo wa Church of England, cholowa cha nthawi imene mabishopu a Durham ankalamulira chigawochi ngati mafumu, ali ndi makhoti awo ndi asilikali awo, mphamvu zimene zinathetsedwa mu 1836. Malasha a pansi pa nyanja anali a ufumu wa dziko. Ndipo mgodi wa Easington unkalowera kumeneko, makilomita angapo kunsi kwa North Sea, moti munthu akatsika m'chikepe ankayendanso ulendo wautali asanafike pamalo ogwirira ntchito, nyanja ili pamutu.

Loji: boma limene anthu anadzipangira okha

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, poti mtima wa nkhani uli pomwepa. Mu 1869 anthu a m'migodi ya chigawochi anakhazikitsa bungwe lawo, Durham Miners' Association. Mgodi uliwonse unali ndi nthambi yake, imene ankaitcha loji, yokhala ndi wapampando, mlembi, msungichuma ndi nthumwi. Nthumwizo zinkakumana mumzinda wa Durham, m'nyumba yotchedwa Redhills imene inatsegulidwa mu 1915. M'holo yake muli mipando yokhala ndi manambala, mpando uliwonse wa mgodi wake, ndipo anthu ankaitcha nyumba ya malamulo ya anthu a m'migodi. Sanali kukokomeza. Zimene zinkagwirizanidwa mmenemo zinkakhudza mphika wa pakhomo kuposa zambiri zochokera ku London.

Taonani zinthu ziwiri zimene loji inkayang'anira. Choyamba ndi sikelo. Wokumba malasha ankalipidwa potengera kulemera kwa malasha amene watumiza kumtunda, iye ali pansi, osaona pamene akuyezera. Wakampani akanena kuti ngolo yako inali ndi miyala yambiri, ukanatsutsa bwanji? Ndiye malamulo a dziko analola kuti antchito azisankha munthu wawo, womulipira okha, woima pambali pa woyeza wa kampani n'kumalemba nayenso. Udindo umenewu unkafuna munthu wodziwa masamu, wosaopa bwana, wokhulupirika kwa anzake. Atsogoleri ambiri a chigawochi anayambira pa sikelo pomwepo.

Chachiwiri ndi maere. Pansi pa mgodi malo safanana. Pena malasha ndi ofewa, denga ndi lolimba, munthu amadzaza ngolo zambiri. Pena pamadontha madzi, mpata ndi wochepa moti umagwira ntchito chogona chammbali, ndipo malipiro amatsika. Bwana akanakhala ndi mphamvu yogawa malowa, bwenzi okondedwa ake akudyerera, olankhula kwambiri akuponyedwa kumadzi. Anthu a ku Durham anakana zimenezo. Miyezi itatu iliyonse ankachita maere amene ankawatcha cavil: mayina a magulu m'chotengera, manambala a malo m'chinzake, n'kumatola poyera, a loji akuyang'ana. Ukagwera pabwino, miyezi itatu ya nyama. Ukagwera poipa, umadziwa kuti palibe amene wakuchitira kaduka, ndipo maere ena akubwera. Munthu amene unkagwira naye pamalo amodzi unkamutcha marra, mawu a chilankhulo chawo cha kumigodi, ndipo kwa iwo marra anali woposa mnzako wamba, poti moyo wako unali m'makutu mwake denga likayamba kulira.

Loji sinathere pageti la mgodi. Pa malipiro a mlungu uliwonse ankadulapo timakobiri tolowa m'matumba osiyanasiyana: la dokotala, la ovulala, la amasiye, la bandi ya malipenga, la nyumba za okalamba. Zomalizazi n'zofunika kuzimvetsa. Popeza nyumba inali ya kampani, munthu akakalamba n'kusiya ntchito ankayenera kutuluka. Mu 1898 kunakhazikitsidwa bungwe la Durham Aged Mineworkers' Homes Association, limene linamanga timanyumba ta okalamba m'midzi ya migodi ndi ndalama za antchito anzawo, ndipo bungwelo lilipobe. Kenako lamulo la 1920 linakakamiza eni migodi kupereka peni imodzi pa tani iliyonse ku thumba la chisamaliro cha antchito, lotchedwa Welfare. Ndalama za mtundu umenewu, pamodzi ndi zosonkha anthu eni ake, ndi zimene zinabweretsa maholo a misonkhano, mabwalo a mpira ndi malo osambira pa mgodi, kuti mwamuna asamabwere kunyumba ali bii ngati mphika, mkazi n'kumafunditsa madzi pakati pa usiku. Ku Easington Colliery holo ya Welfare ndi paki ya Welfare ndizo zinali bwalo la mudzi. Ukwati, dansi, msonkhano wa sitalaka, zonse kumeneko.

Onjezanipo sitolo ya kopaletivi, imene eni ake anali ogula omwewo, ndi matchalitchi a Methodist kumene munthu wamba ankaphunzira kuima pagulu n'kulankhula. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti anthu amene ambiri anasiya sukulu ali ana ankadziwa kuyendetsa msonkhano, kulemba maminitsi, kuwerengera ndalama za gulu ndi kuvota. Anali okonzeka kulanda khonsolo tsiku limene chitseko chidzatseguke.

Makhonsolo, ndi mmene anthu a m'migodi anawalowera

Chitsekocho chinatsegulidwa ndi malamulo awiri. La 1888 linakhazikitsa makhonsolo a zigawo osankhidwa ndi anthu, ndipo Durham County Council inayamba ntchito mu 1889. La 1894 linawonjezera magawo awiri kunsi kwake: khonsolo ya dera, imene kuno inali Easington Rural District Council, ndi khonsolo ya parishi. Mawu oti parishi asatisokoneze. Kale parishi inali ya tchalitchi, ndipo akuluakulu a tchalitchi ndi amene ankasamalira osauka ndi misewu. Lamulo la 1894 linalekanitsa ziwirizi, moti parishi ya boma ndi kadera chabe ka ulamuliro, kopanda chochita ndi mapemphero. Ntchito zinagawidwa motere: chigawo chinatenga misewu ikuluikulu, apolisi, ndipo pambuyo pake sukulu, dera linatenga ukhondo, ngalande za zonyansa ndi nyumba, parishi inatsala ndi tinthu tapafupi monga manda, timinda tobwereketsa, tinjira ndi mabwalo osewerera.

Poyamba mipando inali ya eni minda, abusa ndi mamanijala a migodi. Munthu amene dzina lake limaimira kusintha kwa zimenezi ndi Peter Lee. Anabadwa mu 1864 ku Trimdon Grange, analowa mumgodi ali ndi zaka khumi, anakagwirako ku America ndi ku South Africa, kenako anabwerera n'kusankhidwa kukhala woyang'anira sikelo. Anakwera makwerero onse mmodzimmodzi: khonsolo ya parishi ku Wheatley Hill, khonsolo ya dera la Easington, kenako ya chigawo. Mu 1919 chipani cha Labour chinapambana Durham County Council, ndipo Peter Lee anakhala wapampando. Nkhondo zake sizinali za mawu akuluakulu. Zinali za madzi akumwa, zimbudzi, misewu ya m'midzi ndi manda abwino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iye anali ataona ana akufa ndi matenda a uve m'mizere ya nyumba za kampani.

Kuyambira pamenepo loji ndi khonsolo zinakhala ngati mphika ndi chivundikiro. Munthu yemweyo akhoza kukhala mlembi wa loji masana, khansala madzulo. Izi zinali ndi ubwino waukulu, poti wosankha zochita ankakhala mumsewu womwewo ndi okhudzidwa, ndipo akalakwitsa ankakumana nawo m'chikepe m'mawa mwake. Zinalinso ndi vuto limene sitiyenera kulibisa. Chipani chimodzi chikalamulira zaka zambiri popanda wopikisana nacho, mipando imayamba kuoneka ngati cholowa, ndipo amayi, amene sankaloledwa kugwira ntchito pansi pa mgodi, analibe mawu mu loji imene inkasankha oimira mudzi.

Phungu wa ku nyumba ya malamulo nayenso ankachokera m'dzanja lomwelo. Dera limeneli, pamene linkatchedwa Seaham, linaimiridwa ndi Sidney Webb, kenako ndi Ramsay MacDonald, nduna yaikulu yoyamba ya Labour. MacDonald atasiyana ndi chipani chake mu 1931 n'kutsogolera boma la mgwirizano, anthu a m'migodi anamuona ngati wowagulitsa, ndipo mu 1935 anamugwetsa n'kuika Emanuel Shinwell. Shinwell yemweyo ndi amene anali nduna ya zamafuta ndi magetsi pamene boma linatenga migodi yonse, ndipo anakhala phungu wa Easington kufikira 1970.

Chinthu chachikulu chimene khonsolo ya dera inachita ndi tauni ya Peterlee. Nkhondo yachiwiri itatha, injiniya wa khonsoloyo, C. W. Clarke, analemba lipoti lonena kuti kuwonjezera nyumba m'midzi yothinana pafupi ndi milu ya zinyalala za migodi n'kungopitiriza umve, bola kumanga tauni yatsopano pamalo oyera. Boma linavomera mu 1948, ndipo tauniyo inapatsidwa dzina la Peter Lee. Matauni ena atsopano a nthawi imeneyo ankamangidwa mwa maganizo a boma la ku London, koma iyi anaipempha ndi anthu eni ake. Komabe taonani amene anapambana pamapeto. Katswiri wa zomangamanga Berthold Lubetkin anafuna tauni ya nyumba zosanja zoyandikana, koma bungwe la boma loyendetsa migodi silinalole kusiya malasha a pansi pa malowo osakumbidwa, ndipo nthaka yokumbidwa kunsi singanyamule nyumba zolemera. Lubetkin anatula pansi udindo mu 1950. Pa mkangano wa tauni ndi malasha, malasha ndi amene anamveredwa. Ndipo Peterlee itakula inakoka masitolo, maofesi ndi mabanja achinyamata kuchoka m'midzi yozungulira, Easington Colliery ili m'gulu lomwelo.

1947 ndi 1951

Pa 1 January 1947 migodi inachoka m'manja mwa makampani n'kukhala pansi pa National Coal Board, bodi ya boma yoyendetsa migodi. Pamageti panaikidwa zikwangwani zonena kuti mgodi tsopano ukuyendetsedwa m'malo mwa anthu. Chimwemwe chinali chenicheni, ndipo zambiri zinasinthadi, makamaka pa chitetezo ndi malipiro. Koma mamanijala ambiri anali omwewo, nyumba zinangosintha mwini kuchoka ku kampani kupita ku bodi, ndipo amene ankagamula za tsogolo la mgodi tsopano anali kutali kuposa kale.

Patangopita zaka zinayi, pa 29 May 1951, m'mbandakucha, makina odulira malasha anakhudza mwala umene unathetheka moto, mpweya woyaka umene unadzadza pamalopo unaphulika, ndipo fumbi la malasha linanyamula motowo m'njira za pansi. Zinachitika pa nthawi yosinthana mashifiti, olowa ndi otuluka ali malo amodzi. Anthu 81 anafa, ndipo awiri mwa opulumutsa anzawo anafanso ndi mpweya woipa. Onse pamodzi 83. M'mudzi umene aliyense anali mlamu, msuweni kapena marra wa wina, panalibe msewu wopanda maliro. Ku paki ya Welfare anabzala mitengo 83 mumzere, umodzi pa munthu aliyense, ndipo kumanda a mudziwo kuli malo awo a chikumbutso. Chaka ndi chaka pa tsikulo anthu amasonkhanabe.

Chaka chomwecho cha 1951 khonsolo ya chigawo inatulutsa dongosolo limene linaika midzi m'magulu anayi, A mpaka D. Midzi 114 inaikidwa m'gulu D, kutanthauza kuti boma silidzaikamonso ndalama, ingofota yokha popeza migodi yake ikutha. Yambiri inali kumadzulo. Easington Colliery sinali m'gululo, poti migodi ya kunyanja ankaiwerengera moyo wautali, ndipo anthu ochokera ku migodi yotsekedwa ankabwera kudzagwira kuno pa basi. Ndondomekoyo inathetsedwa mu 1977 anthu atalimbana nayo kwa zaka zambiri. Ndikuitchula chifukwa ikuonetsa mmene olamulira, ngakhale ochokera m'migodi momwemo, ankauonera mudzi wotere: ulipo chifukwa cha mgodi, mgodi ukatha palibenso chifukwa choti ukhalepo.

Sitalaka ndi kutsekedwa

Mu March 1984 bodi ya malasha, motsogozedwa ndi Ian MacGregor ndiponso mothandizidwa ndi boma la Margaret Thatcher, inalengeza zochepetsa migodi, ndipo bungwe la okumba malasha a dziko lonse, National Union of Mineworkers, lotsogozedwa ndi Arthur Scargill, linayamba sitalaka imene inatha chaka chathunthu. Ku Easington pafupifupi aliyense ananyanyala. Mabanja anakhala miyezi khumi ndi iwiri opanda malipiro. Apa ndi pamene amayi, amene loji inawasiya kunja kwa zaka zonse zija, anagwira mudzi. Anatsegula khitchini ya onse, ankaphikira anthu mazanamazana tsiku lililonse, ankayenda m'matauni kukapempha thandizo, ndipo ena anayamba kulankhula pamisonkhano kwa nthawi yoyamba. Mu August chaka chomwecho munthu mmodzi anaganiza zobwerera ku ntchito, ndipo kuti alowe pageti, apolisi ochuluka, ena ochokera kuzigawo zakutali, anadzaza mudzi, kutseka misewu ndi kumenyana ndi anthu pakhomo pawo. Makhansala a deralo anali kumbali ya onyanyala, koma analibe mphamvu pa apolisiwo. Tsiku limenelo anthu anaona ndi maso kumene ulamuliro weniweni unali.

Anabwerera ku ntchito mu March 1985 atagonja. Mu October 1992 nduna Michael Heseltine inalengeza kutsekedwa kwa migodi 31, Easington ili pamndandanda, ndipo mu May 1993 mgodi unatsekedwa, ntchito pafupifupi 1,400 n'kutha. Chaka chisanathe, mgodi wa Wearmouth ku Sunderland unatsekedwanso, ndipo kukumba malasha pansi pa nthaka m'dera la Durham kunathera pomwepo. Pasanapite nthawi nsanja za mgodi wa Easington zinagwetsedwa, maenje anatsekedwa, malo onse n'kusalazidwa.

Otsala ndani

Ganizirani zimene zinapita limodzi ndi mgodi. Malipiro amene ankayendetsa masitolo a mu Seaside Lane. Timakobiri ta mlungu ndi mlungu timene tinkasamalira holo, paki ndi bandi. Loji, imene inali sukulu ya utsogoleri ndi khoti la madandaulo. Ndi mwini nyumba mmodzi wodziwika. Nyumba za bodi zinagulitsidwa, zina kwa okhalamo, zambiri kwa anthu a malonda okhala kutali, ena oti sanapondepo m'mudzimo, amene anazigula motchipa pa okushoni. Nyumba ikawonongeka kapena ikakhala yopanda munthu, wokamudandaulira sapezeka. Mizere ina inagwetsedwa. Sukulu yaikulu ya njerwa zofiira ya mu Seaside Lane, yomangidwa nkhondo yoyamba isanayambe, inatsekedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 n'kukhala bwinja pakati pa mudzi kwa zaka zoposa 20, chifukwa inali pamndandanda wa nyumba zotetezedwa ndi lamulo ndipo panalibe woigwiritsa ntchito. Anthu a m'mudzimo ambiri ankafuna ichoke, oteteza zakale ankakana, ndipo inadzagwetsedwa khonsolo ya chigawo italowererapo.

Nawo makhonsolo anali akusuntha. Mu 1974 khonsolo ya dera la kumudzi ija inaphatikizidwa ndi ya tauni ya Seaham kupanga District of Easington, ndipo maofesi ake anali ku Easington komweko, mtunda woyenda pansi. Pa 1 April 2009 khonsolo imeneyi inathetsedwa pamodzi ndi zinzake zonse za m'chigawochi, ntchito zonse n'kupita ku Durham County Council, imene imatumikira anthu oposa theka la miliyoni kuchokera mumzinda wa Durham. Ochirikiza kusinthaku ankati kupulumutsa ndalama ndi kuthetsa chisokonezo cha yemwe amachita chiyani, ndipo mfundo imeneyo ili ndi mutu. Koma kwa ine, mudzi umene unali utangotaya mgodi ndi loji sunayenere kutayanso khonsolo imene inkadziwa misewu yake ndi mayina.

Lero zinthu zili motere. Zinyalala, misewu, sukulu, chisamaliro cha okalamba ndi ana, zilolezo zomangira nyumba, zonsezi ndi za Durham County Council, kumene mudziwu uli ndi makhansala ochepa pakati pa 98. Khonsoloyo inayambitsa mu 2022 lamulo loti obwereketsa nyumba m'madera ovutika azikhala ndi chiphaso, poyesa kugwira eni nyumba akutali aja. Za mabasi ndi chitukuko cha dera lonse la kumpoto chakum'mawa zili ndi meya wake, ndipo woyamba, Kim McGuinness, anasankhidwa mu 2024. Madzi oipa odzadza m'migodi yakale, amene akhoza kuwononga madzi akumwa a pansi pa thanthwe la laimu lija, amapopedwa ndi kuyeretsedwa ku Horden ndi ku Dawdon ndi bungwe la boma limene linatenga mavuto otsala a migodi. Gombe, limene kwa zaka zambiri linali lakuda chifukwa migodi inkatayira zinyalala m'nyanja, linayeretsedwa ndi ntchito yotchedwa Turning the Tide pakati pa 1997 ndi 2002. Ndipo mavoti asintha: Labour inataya ulamuliro wa khonsolo ya chigawo mu 2021, ndipo mu May 2025 chipani cha Reform UK chinapambana mipando yambiri m'nyumba imene Peter Lee anakhalapo wapampando.

Pansi pa zonsezi pali Easington Colliery Parish Council, yosiyana ndi ya Easington Village kumtunda kuja. Ndi khonsolo yokhayo imene makhansala ake onse ndi a pafupi, ndipo ndi yochepa mphamvu kuposa onse. Ndalama zake zimachokera ku kagawo kamene imapempha kuti kawonjezedwe pa msonkho wa nyumba umene khonsolo ya chigawo imatolera. Pamenepa pali msampha: msonkhowo umatengera mtengo wa nyumba, ndipo nyumba za m'mudziwu zili m'gulu lotsikitsitsa, choncho kuti parishi ipeze ndalama zokwanira imayenera kulemetsa anthu omwe ali kale ndi zochepa. Pa mapulani a zomangamanga imangofunsidwa maganizo, siigamula. Koma manda, timinda ta ndiwo zamasamba ndi nkhunda, mabwalo a masewera, zinthu zimene kale zinkadalira timakobiri ta anthu oposa 2,000 ogwira ntchito mumgodi, tsopano zimayang'ana kwa iyo ndi kwa anthu ongodzipereka, m'mudzi wa anthu pafupifupi 5,000.

Pamalo pamene panali mgodi tsopano pali udzu ndi maluwa akutchire, ndipo anthu amayendetsapo agalu. Pamwamba pa chitunda choyang'ana kunyanja anaimikapo chikepe chachitsulo chimene chinkatsitsa anthu m'dzenje, chili chokha, chakuda, mphepo ikudutsa m'kati. Bandi ya malipenga ya Easington Colliery ikuimbabe. Loweruka lachiwiri la July chaka chilichonse, pa chikondwerero cha Durham Miners' Gala chimene chinayamba mu 1871, anthu a mudziwu amanyamula mbendera ya loji yawo n'kukaguba nayo m'misewu ya Durham pambuyo pa bandi, ndipo ena mwa ogwira zingwe zake anabadwa mgodi utatsekedwa kale.